Akatswiri Atatu pa Bwalo la Fulaye

Panangokhala, ndipo amene muli nane muvomere, ndidziwe kuti simukusinza.

Kalekale, nyama zikadali ndi mafumu ndi milandu ngati anthu, m'mudzi wa mfumu Ntchefu munali mtsikana wina dzina lake Likongwe. Thupi lake linali lowonda ngati mthiko, koma pakamwa pake panali pa munthu wamkulu. Iyeyu ndiye ankatsogolera atsikana onse pa masewera a fulaye.

Masewerawa mumawadziwa. Awiri amaima uku ndi uku ndi mpira, wachitatu amalowa pakati. Wapakatiyo amazinda mpira, kwinaku akuthira mchenga m'botolo. Mpira ukangomukhudza, wafa, amakakhala pambali. Atsikana a kwa Ntchefu mpira wawo unali wa masamba ouma a nthochi omanga ndi luzi, ndipo botolo anachita kutola m'njira ya anthu.

Bwalo losewerera analambula okha. Anazula zitsa, anatola minga ndi manja, n'kulipondaponda mpaka linasalala ngati m'nyumba mozira. Likongwe anali ndi zipsera m'zikhatho chifukwa cha ntchito imeneyo, ndipo sankazibisa.

Amuna nawo anali ndi bwalo lawo, koma analiwononga okha. A Njati, katswiri wa zogwetsana, analikumba maenje ndi ziboda. A Nyani, katswiri wa nkhonya, analidzaza zitsononkho za chimanga chakuba. A Mbawala, katswiri wa liwiro, anabinya mwendo m'dzenje limodzi n'kulumbira kuti sadzapondamonso. Nanga kulikonza? Aa, akatswiri sagwira khasu. Ndiye m'mawa wina atatuwo anangotulukira pabwalo la atsikana, aliyense nthenga yake ya nkhwazi ili njo pamutu, chizindikiro cha ukatswiri, n'kuyamba kuliyeza ndi mapazi ngati la makolo awo.

"Bwalo ili ndi la zogwetsana," anatero a Njati. "Palibe masewera ovuta kuposa kunyamula mwamuna mnzako n'kumuponya pansi."

"Kunyamula n'chiyani? Ngakhale mtondo umanyamulidwa," anayankha a Mbawala. "Tathamangani mpaka mapapo afike pakhosi, mudzandiuze."

"Nonse awirinu mumabwerera kunyumba ndi mano onse," anatero a Nyani. "Ine ndikamaliza ndimayamba ndafufuza ndi lilime ngati alipo."

Likongwe anali chiimire pomwepo, tsache lili m'manja.

"Zikomo, abambo, mwaponda pomwe ndasesa."

Palibe anatembenuka. Akanamukalipira zikanakhala bwino, koma kumuona ngati chiswe zinamuwawa mpaka m'mafupa. Anawatsatira pambuyo pomwe ankapita ndi mkangano wawo kwa mfumu.

Mfumu Ntchefu anali abwino mtima, koma anali ndi kamatenda kamodzi: ankavomereza aliyense amene walankhula pomaliza. A Njati atafotokoza, mfumu inati, "Mwanena zoona." A Mbawala atatsutsa, inati, "Mwanena zoona." A Nyani atanyoza onse awiri, inatinso, "Mwanena zoona." Itaona kuti mutu wayamba kuiwawa, inagamula motere:

"Ine sindisankha. Masewera omwe akatswiri atatu nonsenu muvomereze ndi pakamwa panu kuti ndi ovuta kuposa onse, amenewo ndiwo atenge bwalo. Atsikana asamuke, azikasewera kuseri kwa khola."

Kuseri kwa khola! Kundowe ndi ntchentche! Likongwe anamva magazi akuwira, koma nkhope anaifewetsa. Anafika pafupi, anagwada, anaomba m'manja, n'kutulutsa kamawu kakang'ono komwe ngakhale mayi ake sakanakazindikira.

"Wawa, Chalo. Kodi masewera a ana nawo angatchulidwe pamlandu uno?"

"Tchula, mwana wanga."

"Ovuta kuposa onse ndi fulaye."

Kuseka komwe kunabuka pamenepo! A Nyani anagubuduka mpaka nthenga inapendama. A Mbawala anapukuta misozi.

"Tiyeseni, abambo," anapitiriza Likongwe, maso ali pansi. "Mmodzi yekha mwa inu akadzaza kabotolo kathu, ife tichoka, tsache lomwe tikusiyirani. Kungoti ndikuopa. Ndinu akuluakulu, malamulo a ana akakutopetsani mudzangonyamuka n'kumapita."

A Njati anafwenthera mokwiya. "Ukutiyesa achinyengo? Tamvani nonse! Wophwanya lamulo la masewerawa, kaya ndi wamkulu kaya ndi mwana, avule nthenga ndipo asadzapikisanenso m'dziko muno!"

Anzawo aja anavomera, ndipo atatu onse analumbira pamaso pa mfumu.

"Ndiye ndikufotokozereni malamulowo?" anafunsa Likongwe.

"Malamulo a kuthira mchenga m'botolo?" anatero a Nyani. "Usatitayire nthawi, iwe."

"Mwanena zoona," inatero mfumu.

Likongwe anaweramitsa mutu kuti anthu asaone mano ake.

Mudzi wonse unakhamukira kubwalo. Oponya mpira anali Gologolo ndi Changa, atsikana a mikono yaing'ono koma yosaphonya. Ena onse anazungulira n'kuyamba nyimbo yawo ya fulaye. Inali nyimbo yaifupi: wotsogolera amafunsa kuti anasesa pano ndani, gulu limayankha kuti ndi eni mapazi ang'onoang'ono, kenaka onse amaomba m'manja n'kuyambiranso. Amuna anali ataimva kwa zaka zambiri ali chapatali, koma palibe anafunsapo kuti imathera pati.

Oyamba kulowa anali a Njati. Anaima pakati, anapalasa pansi, mutu anautsitsa.

"A Njati," anaitana Likongwe, "paja amati inu simunapatukirepo chinthu chobwera kutsogolo kwanu?"

"Sindinapatukepo, ndipo sindidzapatuka."

Gologolo anaponya. Mpira unabwera pang'onopang'ono, woti ngakhale nkhuku ikanaulewa. A Njati anaulandira ndi chipumi, phi!

"Mwafa!" anakuwa atsikana onse.

"Ndafa bwanji ndili chiimire?"

"Mpira wakukhudzani, abambo. Wakufa amakhala pansi pambali apo, miyendo atatambalala, mpaka wina amuwombole," anatero Likongwe.

"Tandipatsani mpando."

"Akufa alibe mipando."

A Njati anayang'ana mfumu, anagwira nthenga yawo, n'kukumbukira kuti lumbiro lija analiyambitsa ndi iwo omwe. Anakhala pansi khuu, miyendo tambalale, ngati mayi wosankha nyemba.

Nyimbo inayambanso, funso lomwe lija ndi yankho lomwe lija, ndipo analowa a Mbawala. Tisanamizane, awa analewa mokongola. Mpira ukabwera m'munsi, iwo ali m'mwamba. Ukabwera m'mwamba, iwo apendekera kumbali. Amayi ena mpaka anaimba nthungululu. Koma akangoti aweramire botolo, mpira unali utabwerera kale kuchokera kumbuyo, ndipo botolo linali chikhalire lopanda ngakhale kamchenga kamodzi. Thukuta linayamba kuyenderera.

"Kodi nyimbo yanuyi itha liti?" anafunsa ali wefuwefu.

"Botolo likadzaza, abambo," anayankha Likongwe.

"Nanga likapanda kudzaza?"

"Ndiye kuti sitha. Ife timasinthana poimba." Kenaka Likongwe anatembenukira kwa Changa n'kunong'ona mokweza kuti aliyense amve. "Ponya ndi mphamvu zako zonse. Ine ndikuti mpira ndi waliwiro kuposa iwowa."

Mawu amenewo analowa a Mbawala ngati munga. Changa ataponya, iwo sanalewe, koma anauyamba ulendo, liwiro la mtondo wadooka, kudutsa mzere, kudutsa anthu, kudutsa nkhokwe za mfumu. Mpira unagwa kutali kumbuyo kwawo. Anabwerera akunyang'wa.

"Mwaona? Sunandipeze!"

"Sunakupezeni ndithu," anatero Likongwe. "Koma wotuluka m'bwalo wafa. Khalani pafupi ndi a Njati, pali malo."

Anatsala a Nyani, ndipo apa Likongwe anachita mantha enieni. A Nyani anali ndi manja ngati ake, ndiponso nthawi yonseyi sankaseka, ankaonerera ndi kuphunzira. Nyimbo itayamba, analowa mwakachetechete. Mpira woyamba anauzinda, wachiwiri anaulumpha, ndipo usanabwerere anali atatapa kale mchenga dzanja lonse. Diso limodzi linali kwa Gologolo, lina kwa Changa. Mchenga unafika pakati pa botolo. Unakwera mpaka m'mapewa mwa botolo. Mawu a atsikana anayamba kunjenjemera, ndipo Changa ankaponya misozi ili m'maso.

Likongwe anaona bwalo likuchoka m'manja mwake. Anayang'ana zipsera zake, anayang'ananso khola lija. Kenaka anayang'anitsitsa a Nyani n'kuona chomwe mwini wake sankachiona. Pofuna kuthira bwino pakhosi pa botolo, katswiri uja anali atagwada ndi mawondo onse awiri moyang'anana ndi Gologolo, manja ataphatikiza, mutu uli pansi, ndendende mtsikana wopereka madzi kwa apongozi.

"Amayi, bwerani mudzaone ulemu!" anakuwa Likongwe. "A Nyani agwadira Gologolo! Iwe Gologolo, tawalandira, usawasiye pansi akuluakulu!"

Gologolo sanachedwe kumva. Anagwira m'chiuno n'kulankhula ngati nkhalamba. "Zikomo, mwana waulemu iwe. Anakulera bwino amako."

Amayi anafa nacho chiseko. Akazi a a Nyani anaphimba nkhope ndi manja. A Nyani anadzambatuka n'kuima chilili, chifuwa patsogolo, akudziguguda.

"Ine kugwadira mwana wamkazi? Ine? Chibadwire sindina..."

Pha! Mpira wa Changa unawapeza pankhongo.

"Mwafa!"

Anakakhala pansi mano ali gwa, miyendo tambalale, pafupi ndi anzawo. Koma pakamwa sipanafe nawo.

"Chalo, awa si masewera, ndi msampha. Palibe angadzaze botolo ili. Alowe mwini wakeyo tione, ndipo oponya asakhale anzake, akhale azing'ono anga awiri."

"Mwanena zoona," inatero mfumu.

Atsikana anayang'anana ndi mantha, chifukwa azing'ono a a Nyani anali anyamata a mikono ngati misi. Koma Likongwe anamanga nsalu yake m'chiuno n'kutaya kamawu kaulemu kaja.

"Ndilowa, ndipo ndilowa kumbali yanu, inu akufa atatu. Akandigenda, tonse tafa, masewera atha, mudzuke mutenge bwalo. Ndikadzaza botolo n'kulikhuthula, ndakuwombolani. Mwamva, kapena malamulo akukutayiranibe nthawi?"

"Mugendeni ameneyo!" anakuwa a Nyani.

Anyamata aja anaviika mpira m'madzi kuti ulemere, anaumanganso ndi luzi latsopano, n'kuyamba. Mpira unkalira podutsa. Atsikana anaimba nyimbo yawo, tsopano osati mosewera, koma ngati anthu oitana mvula, funso likugunda ndipo yankho likugunda koposa. Likongwe anapinda msana, anagona chafufumimba, anatumphuka, anapotokola thupi lake lowondalo, mpira n'kumangopita ndi mphepo. Pakati pa kuponya ndi kuponya ankagwada n'kutapa mchenga, wopanda manyazi ngakhale pang'ono. Kugwada anakuphunzira ali wamng'ono, popereka madzi kwa anthu ngati omwewa, ndipo lero kugwadako kunali kumugwirira ntchito iye mwini.

Anyamata ataona kuti mtsikanayo sakugendeka, analunjika botolo. Mpira unaligwetsa, mchenga wonse unatayika. A Nyani anaomba m'manja. Likongwe anathamangira botolo lija. Analidzutsa, analikulunga ndi mchira wake, n'kuyambiranso. Mawondo anasupuka, mpweya unkatuluka ngati wa mvukuto, ndipo kamodzi mpira unadutsa pafupi kwambiri mpaka ndevu zake zinagwedezeka. Koma mikono ya anyamata inayamba kulemera, pakuti anazolowera kumenya kamodzi munthu n'kugwa, osati kuponya tsiku lonse. Mchenga unafika pakati, unafika m'mapewa, unafika pakhosi.

Tho! Botolo linadzaza.

Nyimbo inaduka pomwepo. Aliyense ankadikira kuti Likongwe akhuthule mchenga monga mwa mwambo. A Njati anali atayamba kale kupinda mwendo kuti adzuke. Koma Likongwe ananyamula botolo lodzazalo, analikumbatira pachifuwa, n'kukakhala pamthunzi.

"Khuthula, mwana iwe," anatero a Njati.

"Ndikhuthula, abambo. Koma poyamba ndimve. Masewera ovuta kuposa onse ndi ati?"

"Mugendeni!" anakuwanso a Nyani.

"Nyimbo ikatha mpira sugenda munthu," anayankha Gologolo, n'kuulanda m'manja mwa anyamata aja.

"Ndiye kuti masewera atha, tidzuke!"

"Atha bwanji ine ndili moyo?" anatero Likongwe. "Inu ndinu akufa, ndipo wakufa amadzuka mchenga ukakhuthulidwa. Wofuna kudzuka yekha adzuke, nthenga aisiye pansi pomwepo."

Mfumu inakanda kumutu. "Mwana wanga, kodi palibe lamulo lonena kuti ukhuthule nthawi yanji?"

"Palibe, Chalo. Pakati pa ife sipanapezeke wofuna kusunga anzake pansi. Lero ndi koyamba, chifukwa ndi koyamba kusewera ndi anthu odzatilanda bwalo."

Mfumu inayang'ana akatswiri kuti mwina wina alankhula pomaliza, koma palibe anapeza chonena.

Dzuwa linali litafika paliwombo, ndipo bwalo losalala lija linatentha ngati chiwaya. Atsikana anamubweretsera Likongwe madzi, iye n'kumamwa pang'onopang'ono, botolo lili pamiyendo. Oyamba kugonja anali a Njati, amene ngakhale anali aukali sankadziwa kunama.

"Ine mdani wanga ndimamuona, ndimamugwira, timathana. Koma chinthu choti uchipatukire, chibwerenso ndi kumbuyo, uku ukugwira ntchito ina ndi manja, ayi. Ovuta ndi fulaye."

A Mbawala anatsatira. "Ndathamanga moyo wanga wonse, koma kuthamanga osaloledwa kupita kulikonse sindinakuonepo. Fulaye."

Maso onse anatembenukira kwa a Nyani.

"Bola ndifere pompano," anatero iwo. "Masewera a ana aakazi sangapose nkhonya."

"A mfumu anati atatu nonse," anatero Likongwe. "Ine sindikufulumira."

Dzuwa linapitiriza ntchito yake. A Nyani anakhalira thako lamanja, anasinthira lamanzere, anabwereranso lamanja. Fungo la ubweya wowauka linayamba kumveka.

"Achimwene, tangonenani," anadandaula a Mbawala. "Tikupsa chifukwa cha inu."

"Iwe Nyani," anabangula a Njati, "ndikadzuka pano usananene, udzadziwa chifukwa chake ndimavala nthenga."

Akazi a a Nyani nawo anafika pafupi. "Bambo a ana, kugwada mwagwada kale, mudzi wonse waona. Chatsala n'chiyani choti muteteze?"

A Nyani anagwira nthenga yawo, anaisiya. Anayesa kudzuka, anakumbukira lumbiro. Potsiriza anang'ung'udza kanthu kena m'mano.

"Sindinamve," anatero Likongwe, "ndipo atsikana ali kumbuyo uko sanamvenso. Iwonso anatola nawo minga pano."

"Fulaye!" anakuwa a Nyani, mawu akusweka. "Ovuta ndi fulaye! Khuthula!"

Likongwe anaimirira, anayenda mosafulumira mpaka pakati pa bwalo, n'kupendeketsa botolo. Mchenga unatsika pang'onopang'ono, ndipo iye sanaligwedeze kuti ufulumire. Utatha wonse anati, "Dzukani, ndakuwombolani."

"Wanena zoona," inatero mfumu, ndipo ulendo uno inadziwa chomwe ikuvomereza. "Bwalo ndi la atsikana."

Atsikana anaiyambanso nyimbo yawo, ngakhale panalibe wosewera, ndipo pa funso lija la amene anasesa, amayi awo omwe anayankha nawo. Likongwe anangokumbatira botolo lopanda kanthulo mwachimwemwe.

A Njati ndi a Mbawala anadzuka n'kuchoka mitu ili pansi. A Nyani podzuka, ubweya wonse wa kumatako unatsalira pansi, ndipo kumbuyo kunali psuu, kofiira. Mpaka lero sunamerenso, mukakumana nawo m'munda mwa chimanga mudzaone nokha. Anati azembe cham'mbali, koma anapeza Likongwe ataima kutsogolo kwawo, tsache lili m'manja.

"Zikomo, abambo. Ubweya wanuwo musatisiyire. Pano timasewera osavala nsapato."

A Nyani anayang'ana tsachelo. Linali lalifupi, la atsikana, losatheka kusesera munthu ali chilili. Anayang'ana mfumu, mfumu inayang'ana kumbali. Analandira tsache, anawerama pamaso pa atsikana onse, n'kusesa.

Yanga yathera pomwepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaiphule isanapserere, ine botolo langa ndakhuthula.